Mbalame za Apongozi Zinauluka Chadodolido

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ife aphunzitsi a sukulu zomwe si zaboma tinalowa m'gulu la anthu odzuka m'mamawa, kusamba, kuvala bwinobwino, kenako n'kukhala pansi. Anzathu a m'boma malipiro ankalandirabe. Ife mwini sukulu anatiuza mosapsatira mawu kuti ana akapanda kulipira fizi, nayenso alibe pogwira. Pakhomo pankasungidwa ndi mandasi a mayi a kunyumba. Ine, pothawa maso a anthu a pamzere wathu, ndinayamba kukathera tsiku pakhonde la golosale ina ku Ndirande, pamene pamakhala telala wina wachikulire amene aliyense amangowatchula kuti a Madala.

Munthu wanzeru akanangokhala phee n'kumamvera wailesi yawo. Koma ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo mphunzitsi wa masamu akaona ntchito yamanja amaiyesa samu yosavuta imene anthu akungoichedwetsa. Ndinkawayang'ana a Madala: mapazi akupalasa makina, manja ali pansalu, maso ali kumsewu, pakamwa akutsutsana ndi wogulitsa makala za chisankho chobwereza chimene chinkabwera mu Juni. Msoko n'kumatuluka wowongoka bwinobwino. Mumtima ndinkati ntchito imene munthu angathe kugwira akuyang'ana kumbali si ntchito ayi. Tsiku lina zinandipulumuka pakamwa.

"Madala, zimenezi ine sabata imodzi ndikhoza kuzidziwa."

Sanatsutse. Anangovula magalasi, n'kupukuta ndi kansalu, n'kuloza pakona. "Aphunzitsi, khalani apo."

Pakhondepo panali makina awiri. Awo anali Singer yakuda, yakale kuposa ine, ndipo palibe ankaloledwa ngakhale kuikapo chigongono. Pakona panali Butterfly ya ku China, yophunzirirapo anyamata. Anachotsa ulusi, anachotsanso singano, n'kunena kuti ndingopalasa basi, gudumu lizizungulira mbali imodzi, lizibwera kwa ine. Ndinaseka. Ndinaliyambitsa ndi dzanja monga ndinkaonera, mapazi n'kulandira. Linazungulira kawiri katatu, kenako linaima, n'kubwerera m'mbuyo. Ndinayambanso. Linabwereranso. Zimene munthu sungazione uli chiimire n'zakuti phazi likangochedwa pang'ono kapena kufulumira pang'ono, gudumu limatembenuka, ndipo pakakhala ulusi umaduka kapena kupiringizana pansi. Mutu wanga unamvetsa zimenezi nthawi yomweyo. Mapazi anga, amene ndakhala nawo moyo wanga wonse, anakana kumva chilichonse chochokera kumutuko.

Ana a m'kalasi mwanga, omwenso analibe chochita, anayamba kudutsa pagolosalepo pafupipafupi mopanda chogula. "Aphunzitsi, mwaswera bwanji?" Kenako kuseka kuseri kwa mpanda.

Gudumu litayamba kundimvera, singano inabwezedwa koma yopanda ulusi, ndipo a Madala anandiuza kuti ndibweretse mapepala a mizere. Ndinabweretsa mapepala a mayeso akale a ana omwewo. Ntchito inali yoboola motsata mzere. Mukanaona mmene timabowo tanga tinkayendera, ngati munthu wochokera kokamwa kachasu usiku: kuyamba bwino, kupatukira kwa aneba, kubwerera, kudutsa pakhomo pake osaima. A Madala ankalikweza pepalalo kudzuwa, kuliyang'ana, n'kundibwezera osanena kanthu. Ndinazindikira mmene ana amamvera ndikamawabwezera makope mwakachetechete.

Tsiku loyamba kusoka pansalu yeniyeni ndinadzisoka chala. Singano inalowa m'mphepete mwa chikhadabo cha chala cha mkombaphala n'kutulukira kunsi. Ndinakuwa moti mayi wa m'golosale anatuluka ndi chenje cha kasitomala m'manja. A Madala anadzuka mofulumira, anazunguliza gudumu pang'onopang'ono mpaka singano inakwera, anaiyang'anitsitsa, n'kupuma mwamphamvu. "Yapulumuka, sinathyoke." Chala anachiona pambuyo pake.

Ndikaganiza lero, nyengo imeneyi inali yowawa koma yosaopsa. Munthu wodziwa kuti sadziwa sawononga katundu wa anthu, chifukwa amafunsa chilichonse. Ndinkafunsa mbali imene singano imayang'ana poimanga. Ndinkafunsa pothira mafuta. Ndinkafunsa chifukwa chimene ulusi ukupiringizirana kunsi kwa nsalu, ndipo ndinkathamangira kutsegula kwa bobini, mpaka anandiphunzitsa chinthu chimene masamu anga sakanachipeza: zikasokonekera pansi, kawirikawiri wolakwa ndi ulusi wapamwamba, walumpha penapake kapena ndi wolefuka. Anyamata ambiri, anatero a Madala, amathawa pamenepa. Amabwera akuganiza kuti Loweruka asoka suti, n'kupeza kuti akulimbana ndi mapepala. Ine sindinathawe, osati chifukwa cholimba mtima, koma kunyumba kunali mandasi ofuna wowathandiza kukazinga, ndipo ndinkaona kuti bola kusekedwa ndi ana.

Kenako inafika nyengo yosoka lilime lili pakati pa mano. Ndinkatha kutulutsa msoko wowongoka, koma pokhapokha dziko lonse litakhala chete. Munthu akandipatsa moni, msoko unkakhota. Wailesi ikasintha nyimbo, phazi linkasokonezeka. Anayamba kundipatsa zigamba, kupinda mathalauza, kuchepetsa m'chiuno mwa masiketi a pakaunjika. Imeneyo ndiye ntchito yochuluka ya telala wa pakhonde masiku ano. A Madala ankadandaula kuti pa unyamata wawo munthu ankagula nsalu m'masitolo a amwenye ku Limbe, kapena ya David Whitehead yopangidwa pafupi pomwepa ku Makata, n'kubwera nayo kwa telala kuti malaya ayambire pachiyambi. Kaunjika atasefukira m'zaka za m'ma 1990, atelala ambiri anasanduka okonza zovala zosokedwa kale ndi anthu a kutsidya kwa nyanja. Ine ndinkangogwedeza mutu. Sindikanayankha, ndinali pakati pa msoko.

Chimene chinandipha ndi mamasiki.

Mu Ogasiti boma linalamula kuti aliyense azivala masiki pagulu, wopezeka wosavala alipire K10,000. Ndirande yense anafuna masiki tsiku limodzi. Tizidutswa ta zitenje timene tinkasesedwa madzulo tinasanduka ndalama. Masiki ndi kansalu ka makona anayi: kupinda katatu, kusoka m'mbali, kulowetsa lasitiki, basi. Ndinasoka m'mawa, masana, madzulo, chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza. Ndipo tsiku lina ndinangozindikira kuti ndakhala ndikukangana ndi wa makala uja za Bullets ndi Wanderers, ngakhale mpira unali utaima, maso ali kwa iye, koma pansi pali mulu wa mamasiki osokedwa bwino. Mapazi anali akupalasa okha. Sindikudziwa tsiku limene anaphunzira, sanandiuze.

Kukoma kwa tsiku limenelo sindingakubise. Koma taonani zimene zinatsatira. Amayi ogula anayamba kunditchula kuti atelala. Ndinagula tepi yangayanga n'kuikoleka m'khosi, ndipo sinkachokamo: kumsika ndili nayo, m'minibasi ndili nayo, tsiku lina ndinalowa nayo m'tchalitchi. Ndinayamba kubweretsa ndiwo kunyumba ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Mafunso anatha. Ndinafika pomawauza a Madala kuti akanamawerengera bwino akanamapulumutsa nsalu yambiri, popeza ndinkaona kuti podula amasiya malo aakulu kunja kwa choko. Iwo ankangoti, "Ehe, aphunzitsi."

Chinthu chimodzi chokha ankandikaniza: sizasi yawo yaikulu. Mamasiki ndinkadula ndi kasizasi kakang'ono, koma nsalu yatsopano ya kasitomala ayi. "Msoko ukalakwika timamasula ndi lezala," ankatero. "Sizasi ikadutsa, yadutsa." Ine ndinkamva nsanje ya munthu wokalamba amene waona kuti wophunzira wamupitirira.

Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, linayandikira. Mayi a kunyumba ndi abale awo anagwirizana zowasokera amayi awo diresi. Alamu anga a ku Johannesburg anatumiza ndalama, ena anasonkha, ndipo ku Limbe kunagulidwa nsalu ya chitenje yodula, mamita 4, yabuluu, yokhala ndi mbalame zachikasu zouluka. Onse anagwirizana kuti ipite kwa a Madala. Ndinamva nkhaniyi tikudya, ndipo ndinaika mbamu pansi.

"Ndalama ipite kwa munthu wakunja, m'nyumba muno muli telala?"

"Bambo a mwana, diresi si masiki."

"Msoko ndi msoko, mayi."

Kunena zoona, nkhani sinali ya ndalama. Kwa miyezi yonseyo kumudzi kwa akazi anga ku Chiradzulu ankadziwa kuti mkamwini akudyetsedwa ndi mandasi a mwana wawo. Ndinkafuna kuti apongozi akalowe m'tchalitchi, anthu afunse kuti wasoka ndani, iwo ayankhe monyadira kuti ndi bambo a ku Ndirande aja. Ndinkaona kale m'maganizo mwanga. Mwayi, kapena tsoka, a Madala anapita kumaliro kwawo n'kundisiyira makiyi a bokosi. Sizasi yaikulu inali momwemo.

Vuto loyamba linali muyeso. Mkamwini amene amakhala patali popereka moni kwa apongozi, amene akakumana nawo panjira amapatuka, angawazunguliza bwanji tepi pachifuwa? Nkhani yake siyambika n'komwe. Ndiye tinatuma mlamu wanga wamng'ono wa kumudziko. Tepi analibe. Anasolola chingwe cha thumba la feteleza, anawayesa amayi ake, n'kumanga mfundo: ya pachifuwa, ya m'chiuno, ya kumunsiko, ndi ya kutalika. Chingwecho chinabwera ndi kondakitala wa minibasi. Zimene sindinadziwe n'zakuti mtsikanayo, pofuna kusangalatsa amayi ake, ankakoka chingwe mpaka iwo kugwira mpweya.

Sukulu inali itatsegulidwanso sabata yomweyo, pa 12, choncho ndinadula usiku, patebulo la pabalaza, magetsi atazima, mwana wanga atandigwirira tochi ya foni. Pachifuwa chingwe chinandipatsa mainchesi 44. Nsalu ukaipinda pawiri, mbali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, umagawa kanayi: 11. Ndinalemba ndi choko pa 11, ndipo ndinadula pa 11 penipeni, sizasi ikulira bwino m'manja. Malo aja a Madala ankasiya kunja kwa choko, amene ine ndinkawayesa kuwononga, ndiwo malo a msoko. Komanso asanalembe n'komwe amawonjezera mainchesi angapo kuti munthu athe kupuma, kukweza manja ndi kugwada. Ine sindinawonjezere kanthu, ndipo msoko utadya gawo lake mbali zonse, diresi linatsika kufika cha m'ma 42, pathupi limene mwina linali 46.

Podula mbali ya kumbuyo ndinaona kuti ndikatembenuza nsalu, mutu kumiyendo, ndipulumutsa kachidutswa kokwanira duku. Ndinadziyamikira. Mikono ndinadula umodzi, n'kuuika pamwamba pa nsalu, n'kudula unzake chimodzimodzi, osadziwa kuti mkono wa diresi uli ndi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo wamanja ndi wamanzere ayenera kuyang'anizana. Ndinali ndi mikono iwiri ya dzanja limodzi. Wina unalowa bwino. Winawo ndinaukakamiza, unakwinyika, ndinausita ndi simbi yamakala mpaka unagonja. Zipi ndinagula yaifupi, ya siketi, chifukwa ndiyo ndinkaidziwa kuika.

Musaganize kuti panalibe ondichenjeza. Nditalipachika, mayi a kunyumba analiyang'ana nthawi yaitali. "Kodi amayi alowamo umu?" Ndinawayankha ndi mawu amene mpaka lero amandikumbutsa tikayambana: "Masamu sanama." Mwana wanga anafunsa chifukwa chimene mbalame za kumbuyo zikugwera pansi. Ndinamuuza kuti akagone.

Ku Chiradzulu kunatentha tsiku limenelo monga kumatenthera mu Okutobala. Nkhuku inaphedwa. Ine anandiikira mpando pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amalume awo a akazi anga. Mphatso inaperekedwa, nthungululu zinamveka, ndipo amayi onse analowa m'nyumba kukawaveka. Ndinakhala mwendo pamwamba pa unzake. Amalume anandifunsa ngati ndi zoona kuti ndasoka ndekha, ndipo ndinayankha modzichepetsa kwabodza kuti timangoyesayesa.

M'nyumba munayamba phokoso la chisangalalo, kenako munakhala bata. Bata lake linatalika. Kenako mawu a munthu mmodzi: "Kwezani manja, amayi." Wina: "Kokera pansi iwe." Wina: "Ayi, bwezani, bwezani!" Ndiyeno mawu a apongozi, omveka kuti akuchokera m'kati mwa nsalu: "Ana inu, mundipha ine!" Kamdzukulu kena kanatuluka kakuthamanga, kanaima pakati pa bwalo, n'kulengeza kwa mudzi wonse kuti agogo akanirira m'diresi, sakulowa, sakutuluka. Pambuyo pake ndinamva mawu a mkazi wanga, osakweza, koma ondifika bwinobwino: "Tapezani lezala."

Amalume anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana phiri la Chiradzulu mwachidwi, ngati aliona koyamba. Ine mwendo uja ndinautsitsa.

Ndikanakonda akanandikalipira. Apongozi anatuluka atavala bulauzi yawo yakale ndi chitenje cha masiku onse, thukuta lili kamukamu, anakhala pamphasa chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wake, n'kuomba m'manja. "Bambo, tathokoza kwambiri. Nsalu yake ndi yokongola zedi." Anapuma pang'ono. "Tamva kuti kusukulu kuja mwayambiranso. Ambuye ndi abwino." Nkhuku ndinadya, koma musandifunse kukoma kwake.

Diresi analisokanso pamanja n'kulipereka kwa mdzukulu wina wa Sitandade 8. Linamukwana, kupatula mkono umodzi umene unkamukokera phewa kumbuyo. Akamabwera, mbalame zinkauluka kupita kumwamba. Akamapita, zonse zinali chadodolido. Alamu a ku Johannesburg anatumiziridwa chithunzi pa WhatsApp, ndipo anangofunsa mtengo wa nsalu, kuti ndiudziwe.

A Madala atabwerako ndinawafotokozera, chifukwa nkhani inali itafika kale kwa wa makala. Ndinabwereka diresilo kuti alione. Analitembenuza kunja kukhala m'kati, anayendetsa chala pamsoko kuchokera kukhwapa mpaka pansi, n'kunena kuti, "Msoko wake ndi wabwino." Sankanyoza ayi, unalidi wabwino, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Zimene mapazi anga anaphunzira zinali zenizeni. Kungoti ine ndinatenga chinthu chimodzi chimene ndinkadziwa n'kuchiyesa utelala wonse. Mwezi wa Epulo sindikanayerekeza kugwira nsalu ya apongozi. Mwezi wa Okutobala ndinali nditadziwa zokwanira kundichotsa mantha, koma zosakwanira kundionetsa pamene pali dzenje.

Atafika pa mbalame zija anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo anaphunzira kuyang'ana maluwa a nsalu asanadule m'nthawi ya Kamuzu, pamene amayi a Mbumba ankabwera ndi nsalu ya nkhope ya Ngwazi. Telala ankaiyala, kuizungulira, kuiyang'ananso, chifukwa kudutsitsa sizasi pankhopepo, kapena kuiika mutu pansi, kapena kuikhazika pokhalira, sinali nkhani yothera pakhonde. "Inu mwalakwira apongozi, akukhululukirani. Ife tinkadula manja akunjenjemera."

Anandibwezera ku mapepala. Ulendo uno anali manyuzipepala akale ndi mapepala a matumba a simenti: kulemba, kudula, kulumikiza ndi mapini, kuona pamene zakana. Kenako timadiresi ta ana ta nsalu zotsala, kenako mayunifolomu, iwo ataima pambali. Mafunso anabwerera, ochuluka kuposa poyamba. Koma apa ndinapeza chinthu china chodabwitsa. Ndikawafunsa kuti pachifuwa ndiwonjezere zingati, amati ziwiri. Mawa lake, kwa mayi wina, iwo amawonjezera zitatu. Ndikafunsa chifukwa, amakanda m'mutu. "Umaona munthuyo mmene waimira." Ndikakakamira kuti andipatse lamulo loti ndilembe m'kope, amakwiya pang'ono, chifukwa lamulolo alibe. Zimene akudziwa zinalowa m'manja kalekale moti eni ake sangathenso kuzitulutsa ndi pakamwa. N'chifukwa chake tsiku loyamba lija ntchito yawo inkaoneka yopepuka: zolemera zonse zinali zitabisika. Ine ndinakopera kuyang'ana kumsewu kokhako.

Sizasi yaikulu amandipatsa tsopano, koma pokhapokha iwo ali pomwepo, ndipo ndisanadule amandiuza kuti ndiike pansi, ndizungulire tebulo, ndione kumene maluwa akuloza. Ngongole ya nsalu ndinabweza pang'onopang'ono. Chaka chotsatira diresi la apongozi anasoka a Madala, muyeso anakatenga mayi a kunyumba ndi tepi yeniyeni, ndipo ine gawo langa linali kupinda m'munsi. Kumudziko ana amanditchulabe kuti a Mbalame, akuluakulu akakhala kuti palibe.

Masiku ano ndimaphunzitsa m'kati mwa sabata, Loweruka ndimakhala pakhondepo. Ngati muli ndi thalauza lofuna kupinda, zipi yakufa kapena yunifolomu yong'ambika pathumba, bwerani, mudzapita mukusangalala. Koma mukadzabwera ndi nsalu yatsopano, n'kundipeza ndekha, tepi ili m'khosi, ndikukuuzani kuti a Madala achokapo koma palibe vuto, chonde nyamulani nsalu yanu mudzabwerenso Lolemba.